Mtunda wa mphindi khumi umene tinauyenda ola lathunthu

Tsiku limene mayina athu anamatidwa pa bolodi kusonyeza komwe aliyense akayeserere ntchito, ine mtima unandigwa. Tinali m'chaka chachitatu cha maphunziro a social work, ntchito ija yothandiza anthu ndi mabanja amene ali pa mavuto, ndipo pafupifupi tonse m'kalasimo tinkalakalaka kukagwira ntchito ndi ana. Dzina langa linagwera ku kabungwe kena koona za anthu achikulire. Ndinapita kwa aphunzitsi kukapempha kuti andisinthe. Atandifunsa chifukwa, ndinanena zimene zinali mumtima mwanga: kuti kwa ana munthu umaona zipatso za ntchito yako, pomwe kwa okalamba umangoperekeza munthu kumanda. Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero. Aphunzitsiwo sanandikalipire. Anangoti, "Pitani mukakhaleko miyezi itatu. Mukabwera mukufunabe kusintha, tidzakambirana."

Sindinabwererenso kukapempha. Ndikugwirabe ntchito yomweyo, ndipo tsopano ndine amene ndimalandira ophunzira obwera kudzayeserera. Ndikulembera iwo makamaka, komanso aliyense amene ali ndi kholo lokalamba ndipo akudabwa kuti n'chifukwa chiyani lasiya kutuluka m'nyumba.

M'zaka zitatu za kusukulu, ukalamba tinauphunzira sabata imodzi yokha, kumapeto kwa phunziro la kakulidwe ka munthu. Ubwana unatenga miyezi. Ukalamba unabwera ngati ndandanda wa zinthu zimene munthu amataya: maso, makutu, mano, mphamvu, anzake. Chida chachikulu chimene ndinapita nacho chinali fomu yoyezera zimene munthu angathe kudzichitira yekha. Gawo loyamba linachokera pa muyeso wa dokotala Sidney Katz wa mu 1963: kodi amatha kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kudzuka pabedi, kudya yekha, ndi kudzigwira mkodzo? Gawo lachiwiri linali la Powell Lawton ndi Elaine Brody la mu 1969, lofunsa za kugwiritsa ntchito foni, kugula zofunika, kuchapa, kusamala pakhomo, kukwera basi, kumwa mankhwala pa nthawi yake ndi kusunga ndalama. Fomuyi ndi yabwino, ndimaigwiritsabe ntchito. Koma mafunso ake onse amaloza munthuyo. Palibe funso ngakhale limodzi lofunsa za msewu wodutsa pakhomo pake.

Munthu woyamba amene anandipatsa kuti ndimuyendere anali agogo ena aakazi, amasiye, a zaka za m'ma 70. Anali atasiya kupita kuchipatala kukayezetsa kuthamanga kwa magazi, atasiyanso kubwera ku msonkhano wa gulu la achikulire umene kale sankajomba. Ndinakhala nawo pakhonde, n'kudutsa m'fomu yanga yonse. Pafupifupi chilichonse ankachita okha. Nditawafunsa chimene anasiyira kutuluka anangoti, "Ndatopa, mwana wanga." Ndinabwerera ku ofesi n'kulemba kuti agogowa akudzipatula, mwina ali ndi matenda okhumudwa, ndipo akufunika uphungu.

Amayi amene ankandiyang'anira pa ntchitoyo anawerenga lipotilo mwakachetechete. Kenaka anandifunsa, "Kuchokera kunyumba kwawo kukafika kuchipatala ndi mphindi zingati?"

"Khumi," ndinatero.

"Khumi kwa ndani?"

Ndinasowa choyankha. Iwo anati, "Mawa mupite nawo. Musawagwire mkono pokhapokha atakupemphani. Musawatsogolere. Muziyenda pambuyo pawo, muziyang'ana pamene iwo akuyang'ana."

M'mawa mwake nditawauza agogo kuti ndabwera kudzawaperekeza, anandifunsa, "Uli nayo nthawi, mdzukulu wanga?" Ndinati ndili nayo. Analowa kuchimbudzi, natenga ndodo, natseka chitseko, kenaka anabwereranso kuchimbudzi kachiwiri. Ndinaziona koma sindinazimvetse.

Vuto loyamba linali pakhomo penipeni. Sitepe yotsikira panja inali yaitali, ndipo anatsika chammbali, dzanja lina litagwira felemu ya chitseko. Njira ya oyenda pansi inali yokumbikakumbika. Pena panali ngalande yosavundikira imene ine dzulo lake ndinangoidumpha osaganizira n'komwe, koma iwo anailambalala mpaka anapeza pamene panali simenti yowolokerapo. Ulendo wonse maso awo sanachoke pansi. Anthu awiri anawapatsa moni, iwo n'kuyankha osadzutsa mutu, ndipo ndinazindikira kuti wowaona angaganize kuti agogowa asiya kuzindikira anthu, pomwe iwo akungoteteza chiuno chawo kuti chisathyoke. Mantha amenewa si achabe. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limanena kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 65 kupita m'tsogolo, pakati pa 28 ndi 35 amagwa chaka chilichonse. Munthu wachikulire akathyoka chiuno, nthawi zambiri sabwereranso mwakale.

Pachitunda anaima katatu. Panalibe pokhala paliponse, choncho ankatsamira mpanda wa eni, uku akucheukacheuka kuopa kuti eniwo angatuluke. Pamsewu waukulu panali maloboti. Kamunthu kobiriwira katayaka, agogo sanasunthe. Kanayakanso kachiwiri, sanasunthebe. Ankadikira gulu la anthu loti awoloke nalo, kuti madalaivala akaona anthu ambiri adekhe. Titayamba kuwoloka, kamunthuko kanayamba kuthwanima tisanafike n'pakati pomwe, ndipo tisanaponde tsidya linalo galimoto ina inali italiza kale hutala. Ndinaona dzanja lawo likunjenjemera pa ndodo. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti m'mayiko ambiri nthawi ya maloboti amaiwerengera poganiza kuti munthu amayenda mamita 1.2 pa sekondi, liwiro limene achikulire ambiri salifika.

Kuchipatala tinapeza masitepe anayi opanda chitsulo chogwirira. Mabenchi anali odzaza. Mayina ankaitanidwa pawindo, m'kati mwa phokoso, ndipo agogo anandipempha kuti ndiziwamvera dzina lawo. Chimbudzi cha odwala chinali chokhoma. Nditayang'ana wotchi, ulendo wobwera wokha unali utatitengera ola.

Pobwerera tinakhala pa kakhoma kena kuti apume. Apo m'pamene anandiuza, osandiyang'ana kumaso. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amene ankamwa anali okodzetsa. Tsiku lina, miyezi ingapo m'mbuyomo, anapeza chimbudzi chija chokhoma, ndipo pobwerera mkodzo unawapulumuka pamsewu, anthu akuona, ana a sukulu akudutsa. Kuyambira pamenepo, tsiku lopita kuchipatala sankamwa mankhwalawo ndipo sankamwanso madzi. Akafika, magazi ankapezeka akuthamanga kwambiri, n'kukalipiridwa kuti samvera malangizo. Mapeto ake anangosiya kupitako. Ku msonkhano wa gulu anasiyanso pa chifukwa chomwecho.

"Mdzukulu wanga," anatero, "kupweteka kwa mawondo munthu umapirira. Koma manyazi aja sindingawabwerezenso."

Usiku umenewo ndinawerenganso lipoti langa lija. Ndinali nditatsala pang'ono kuwatumiza kwa mlangizi kuti akawathandize maganizo, pomwe chimene chinawatsekera m'nyumba chinali loko wa pachimbudzi, chitunda chopanda benchi ndi maloboti othamanga. Ndipo njira imene anadzipezera yodzitetezera inali yoopsa. Wachikulire akamapewa madzi amachita chizungulire, amagwa msanga, amadwala matenda a m'chikhodzodzo, ndipo nthawi zina amasokonezeka mutu. Tinapita nawo kwa namwino, amene atamva nkhani yonse anagwirizana ndi dokotala za nthawi yabwino yomwera mankhwalawo pa masiku a ulendo. Izi zisachititse wina kusintha yekha mankhwala a kholo lake. Chofunika n'kupita nawo kukanena zoona zake, chifukwa achipatala sangakonze chimene sanauzidwe, ndipo achikulire ambiri nkhani ya mkodzo saitchula pokhapokha wina atawafunsa mwaulemu, paokha.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti Lawton yemweyo, amene fomu yake ndinkayenda nayo m'chikwama, anali atafotokoza kale zonsezi. Mu 1973 iye ndi Lucille Nahemow analemba kuti zimene wachikulire angathe kuchita zimadalira zinthu ziwiri: mphamvu zimene ali nazo, ndi zimene malo omuzungulira akufuna kwa iye. Mphamvu zikamachepa, kanthu kakang'ono ka pamalopo kamakula. Sitepe imene wachinyamata saiona n'komwe, kwa wina ndi khoma. Koma mbali yosangalatsa ndi yakuti zimagwiranso ntchito chobwerera: kukonza kanthu kakang'ono kumabwezera munthu gawo lalikulu la moyo wake. Mawondo a agogo aja sindikanatha kuwakonza. Chitunda chija ndikanatha kuchitapo kanthu.

Amayi ondiyang'anira aja anandipatsa kabuku ka WHO ka mu 2007 konena za mizinda yokomera achikulire. Chimene chinandigwira mtima ndi mmene anakalembera. Sanayambe ndi akatswiri. Anapita m'mizinda 33, monga Nairobi, Tokyo, Rio de Janeiro, London ndi New Delhi, n'kukhala pansi ndi achikulire enieniwo, owasamalira ndi ogwira nawo ntchito, kuwafunsa chimene chimawavuta ndi chimene chimawathandiza. Mayankho anawagawa m'mbali zisanu ndi zitatu: malo apanja ndi nyumba zimene anthu onse amalowamo, mayendedwe, nyumba zokhalamo, kucheza ndi ena, ulemu ndi kusasalidwa, kutenga nawo mbali pa ntchito ndi pa zosankha za dera, kalandiridwe ka uthenga, ndiponso thandizo la m'dera ndi la zaumoyo. Ndikuwerenga, ndinkangoona ulendo wathu uja. Pokhala popumira, zimbudzi zotsegula, nthawi yokwanira yowolokera msewu, zonse zinalimo, zonenedwa ndi anthu a m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Mu 2010 WHO inakhazikitsa mgwirizano wa mizinda ndi madera amene alonjeza kutsata njira imeneyi, ndipo New York ndi Manchester anali m'gulu la oyamba kulowamo. Koma dera silifunika kudikira kulowa mgwirizano uliwonse kuti liyambe.

Ife tinayamba ndi kuyenda. Tinapempha achikulire a m'gulu lija kuti atiyendetse m'njira zimene amadutsa, ife tili ndi kope. Anatisonyeza pamene madzi amadikha mvula ikagwa, pamene usiku pamachita mdima, ndi pamalo okwerera basi pamene dalaivala amanyamuka munthu asanakhale pansi. Chimene onse anatchula chinali mabenchi. Tinapeza thandizo, n'kupangitsa mabenchi asanu, ndipo ine ndinali wonyadira kwambiri. Patapita milungu iwiri ndinaona kuti pamabenchipo pamangokhala ana a sukulu. Achikulire ankawadutsa n'kukatsamira mpanda womwe uja.

Amene anandimasulira anali agogo ena aamuna amene anagwira ntchito ya ukalipentala moyo wawo wonse. Ananditengera pa benchi ina n'kunena kuti, "Khalapo, mwana wanga." Ndinakhala. "Tsopano dzuka osagwira pena paliponse, ndiponso osaweramira kutsogolo." Ndinavutika. Iwo anaimika ndodo yawo pambali pa benchiyo, n'kundisonyeza kuti mpandowo unali wotsika kuposa bondo. "Ife kukhala pansi si vuto. Vuto ndi kudzuka. Benchi yotsika chonchi, yopanda mikono yoti munthu akankhirepo, yopanda potsamira msana, ukakhalapo udikira wodutsa kuti akukoke. Ndani akufuna kukokedwa pagulu?" Anawonjezera kuti mabenchi awiri tinawaika padzuwa, ndipo ina tinaiika pamwamba pa chitunda, pomwe mpweya umathera munthu ali pakati.

Tinawafunsa za kufunika kwa mabenchi, koma popanga sitinawafunse. Agogo akalipentalawo anatenga anyamata awiri, nakweza miyendo ya mabenchiwo, naika mikono ndi potsamira, ndipo gulu lonse linasankha pomwe iliyonse iikidwe. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo n'zoona. Koma nzeru zawo si za milandu ndi maukwati zokha. M'gulu lomwe lija munali amene anali namwino, wina mphunzitsi, wina wolemba mabuku a ndalama, ndipo kwa miyezi yonseyo ine ndinkawalemba m'kaundula ngati olandira thandizo basi. Atatenga udindo, zinthu zinayenda msanga. Anasuntha nthawi ya msonkhano kuti anthu azibwerera kusanade. Anapempha kuti zidziwitso zizilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, zakuda pa pepala loyera. Poona kuti mauthenga a pafoni ambiri sawawerenga, anagawana kuti aliyense wamphamvu akhale ndi anzake atatu oti aziwauza pakamwa. Nkhani ya chimbudzi anakainena okha kwa oyang'anira chipatala, ndipo kiyi anayamba kusiyidwa pakhomo. Agogo anga aja anabwerera ku msonkhano, ndipo benchi ya pakati pa chitunda inkatchedwa yawo.

Pali zina zimene kusukulu sitinaphunzire zomwe ndikufuna wophunzira aliyense azidziwe asanalowe m'nyumba ya wachikulire. Ndinaitanidwa kwa agogo ena aamuna amene ana awo ankati mutu wawo wayamba kusokonekera: amayankha zosagwirizana ndi funso, amakwiya msanga, amakhala okha kuchipinda. Nditakhala moyang'anizana nawo, pamalo owala ndi opanda phokoso, n'kulankhula pang'onopang'ono, anayankha chilichonse molondola. Vuto linali makutu. Kuchipatala anawachotsa phula limene linatseka khutu lina, ndipo pambuyo pake anapeza kachipangizo kothandiza kumva. Malinga ndi WHO, mwa anthu opitirira zaka 60, oposa mmodzi mwa anayi alionse ali ndi vuto lalikulu la kumva. Kukuwa sikuthandiza, kumangopotoza mawu ndi kuchititsa munthu manyazi. Chothandiza n'kumuyang'ana kumaso kuti aziona milomo, ndi kunena chiganizocho mwa njira ina ngati sanamve.

Matenda oiwala, amene achipatala amati dementia, alipodi, ndipo padziko lonse anthu opitirira 55 miliyoni ali nawo. Koma amabwera pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Ngati agogo amene anali bwinobwino Lolemba afika Lachitatu osadziwa komwe ali, akuona zinthu zomwe palibe, kapena akungogona, ameneyo ndi wodwala wofunika kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kawirikawiri chimayambitsa ndi matenda a m'chikhodzodzo, chibayo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena mankhwala atsopano, ndipo zikathandizidwa msanga mutu umabwerera. Mawu oti "ndi ukalamba basi" achedwetsa anthu ambiri kulandira thandizo.

Gawo lolemera kwambiri pa ntchitoyi ndi nkhanza. Kafukufuku wa mu 2017 amene WHO imagwiritsa ntchito anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse a zaka 60 kupita m'tsogolo anachitiridwa nkhanza ya mtundu wina m'chaka chimodzi chokha, ndipo apa akunena za okhala m'makomo mwawo. Nthawi zambiri wochita nkhanzayo si mlendo. Ndinakumana ndi abambo ena amene mwana wawo ankawatengera ndalama za penshoni mwezi uliwonse. Magazi anga anawira, ndinkafuna kukanena tsiku lomwelo. Iwo anakana. "Ameneyo ndi mwana wanga. Akamangidwa, adzanditengera mankhwala ndani? Adzandiika m'manda ndani?" Ndinaphunzitsidwa kuteteza ana, ndipo kwa mwana wozunzidwa sudikira chilolezo chake. Koma awa anali munthu wamkulu, wanzeru zake zonse, wodziwa chimene akutaya ndi chimene akusunga. Amayi ondiyang'anira anandiuza kuti ngati moyo wa munthu suli pachiswe ndipo mutu wake uli bwino, chisankho n'chake, ndipo ntchito yanga ndi kumuwonjezera njira zoti asankhepo. Zinatenga miyezi. Tinapeza mnansi woti aziwatengera mankhwala, kuti asadalire munthu mmodzi pa chilichonse. Kenaka iwo eni anapempha kuti khadi la kubanki lizikhala ndi iwo, ndi kuti tikhale pansi ndi mwanayo pamodzi ndi mlongo wake. Sizinathe bwino kotheratu. Koma ulamuliro wa ndalama zawo unabwerera m'manja mwawo, ndipo mwana wawo sanamutaye.

Panalinso mayi wina amene ankatsekera amayi ake odwala matenda oiwala m'chipinda akamapita kuntchito. Anansi anatiuza ngati nkhani ya nkhanza, ndipo kutsekera munthu n'kulakwa ndithu. Nditafika ndinapeza munthu amene kwa zaka ziwiri anali asanagonepo usiku wathunthu. Amayi akewo anasowapo kawiri, n'kukapezeka pamsewu waukulu. Abale ake ankatumiza malangizo pafoni koma osabwera. Analira nditangomufunsa kuti, "Nanga inuyo, akukusamalani ndani?" Gulu la achikulire lija linagawana masiku okakhala ndi agogowo masana, ndipo loko anachoka pachitseko. Kuyambira pamenepo, ndikalowa m'nyumba ya wodwala, wosamalirayo ndimamuwerengera ngati munthu wachiwiri wofunika thandizo.

Mu 1969 dokotala wa ku America, Robert Butler, anapereka dzina lakuti ageism ku tsankho lochitira munthu chifukwa cha msinkhu wake. Lipoti la WHO la mu 2021 linapeza kuti padziko lonse munthu mmodzi mwa awiri alionse ali ndi maganizo atsankho kwa okalamba. Ine ndinali mmodzi mwa iwo, ngakhale ndinkapereka moni mwaulemu wonse. Tsankho limeneli limabisala m'chifundo. Limaoneka pamene agogo abwera ndi mwana wawo, iwe n'kumafunsa mwanayo kuti, "Akumva bwanji?" eni ake ali pomwepo. Limaoneka pamene ukuwalankhula ndi mawu onyengerera ngati khanda, kapena kuwalanda chikwama asanapemphe, kapena kuwasankhira chifukwa ukuona kuti kuwafotokozera kutenga nthawi. Agogo ena anandiuza kuti chimene chimawapweteka kwambiri si kutukwanidwa, koma kukhala pa msonkhano wa banja pamene akukambirana za iwo, osafunsidwa kanthu.

N'chifukwa chake sabata imodzi ija ya kusukulu imandidetsa nkhawa. Mu 2020 anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo anali 1 biliyoni padziko lonse. Pofika 2030 adzakhala 1.4 biliyoni, kutanthauza mmodzi mwa anthu asanu ndi mmodzi alionse, ndipo pofika 2050 adzakwana 2.1 biliyoni, ambiri mwa iwo m'mayiko osalemera. Mayiko anagwirizana kale ku Madrid mu 2002 pa ndondomeko yokhudza ukalamba, ndipo bungwe la United Nations linapatula zaka za 2021 mpaka 2030 kuti zikhale zolimbikitsa kukalamba ndi thanzi. Koma mapangano amenewa adzagwiridwa ndi anthu amene lero ali m'kalasi. Ngakhale wophunzira amene wasankha za ana sangauthawe ukalamba: adzapeza mwana wamasiye akuleredwa ndi agogo ake, ndipo bondo la agogowo likafooka, sukulu ya mwanayo imagwedezeka. Ine ndikanakonda ukalamba uzilowa m'phunziro lililonse, la malamulo, la uphungu, la chitukuko cha m'madera, ndiponso kuti achikulire eniwo aziitanidwa m'kalasi kudzaphunzitsa, osangobwera ngati chitsanzo choti ophunzira aonerepo.

Ophunzira akabwera kwa ine, sabata yoyamba sindiwapatsa fomu. Kale ndinayesapo njira ija yowaveka magalasi osaoneka bwino ndi kuwatseka makutu ndi thonje kuti alawe ukalamba, koma ndinaisiya. Ankabwera akumva chisoni ndi mantha, akunena kuti ukalamba ndi woopsa, chifukwa iwo anataya maso ndi makutu m'mphindi imodzi, pomwe wachikulire wakhala zaka akuphunzira njira zake zochitira zinthu, ndipo njira zimenezo ndi zimene ndikufuna wophunzira aone. Tsopano aliyense ndimamupatsa wachikulire mmodzi amene wavomera, kuti ayende naye kupita kumene wachikulireyo akufuna kupita, pambuyo pake, osamugwira mkono pokhapokha atapempha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akabwerako ndimawafunsa kuti anaima kangati, anaima pati, ndipo ankayang'ana chiyani. Funso limene ndimawauza kuti asaiwale ndi ili: "Agogo, ndi kuti kumene munkapita kale koma munasiya, ndipo chinachitika n'chiyani tsiku lomaliza?" Yankho loyamba nthawi zambiri limakhala "ndatopa". Lenileni limabwera pobwerera, mutakhala pansi.

Kwa amene muli ndi kholo lokalamba, ulendo womwewo mukhoza kuuyenda sabata ino. Yambirani m'nyumba: mphasa kapena kapeti yoterera, njira ya kuchimbudzi yopanda nyale usiku, mpando wotsika kwambiri, bafa lopanda chogwirira. Kenaka tulukani nawo.

Agogo anga oyamba aja anamwalira patapita zaka zinayi, ndipo mpaka mwezi wawo womaliza ankapita okha kuchipatala. Agogo akalipentala nawonso anatisiya, koma mmodzi mwa anyamata amene anawaphunzitsa ndiye amakonza mabenchiwo akagwedera. Nkhani ya maloboti sinathebe. Talemba makalata kangapo kupempha kuti awonjezere masekondi owolokera, ndipo Lachinayi likudzali tikupitanso ku khonsolo. Olankhula si ine. Gulu lasankha agogo ena a zaka 81 amene anali mphunzitsi, ndipo iwo akhala milungu itatu pa benchi ya pafupi ndi msewuwo, wotchi ili m'manja, akulemba m'kope nthawi imene mnzawo aliyense akutenga kuti awoloke. Mbali yanga ndi kuimba foni mawa m'mawa kuonetsetsa kuti chipinda cha msonkhanowo chili pansi, osati pamwamba pa masitepe, ndiponso kuti chimbudzi chake chidzakhala chotsegula.